Si Mlendo Aliyense Amene Ali Mame: Phunziro la Chitsamba cha Laurel kwa Alangizi

Pa 1 Seputembala 2024, dziko la Switzerland lidayamba kutsata lamulo loletsa kugulitsa, kupatsana ngakhalenso kulowetsa m'dzikomo zomera zingapo zachilendo. Pakati pa zomerazo padali chitsamba chimene akatswiri amachitcha Prunus laurocerasus, pomwe Angerezi amati cherry laurel. Kwa zaka zambirimbiri chitsambachi chidali mpanda wokondedwa wa nyumba za m'mizinda ya ku Ulaya, ndipo eni nazale adapha nacho makwacha ochuluka. Tsopano boma la dzikolo lati basi, popeza chitsambacho chidatuluka m'mipanda nikakhazikika m'nkhalango momwe palibe adachibzala.

Mlangizi wa ku Chipata, ku Dedza, ku Angónia kapena ku Nyanga angathe kufunsa kuti nkhani ya kutali chotere ikumkhudza bwanji. Ikumkhudza chifukwa mbali yaikulu ya ntchito yathu ndi kugawa mbewu ndi mbande, ndipo mlimi amabzala chimene ife tamuuza kuti n'chabwino. Maganizo anga ndi akuti makhalidwe amene amachititsa chomera kukondedwa ku nazale ndi omwewonso amene amachithandiza kuthawa m'munda ndi kulanda malo a zomera zathu. Makhalidwewo sabisika. Amaoneka pa tsamba, pa chipatso, pa nthambi ndi pa chitsa, ndipo mlangizi aliyense angathe kuwawerenga ngati waphunzira kupenyetsetsa. Chitsamba cha laurel ndi chitsanzo chabwino chophunzirirapo.

Maonekedwe ake

Kwawo kwenikweni kwa chitsambachi ndi maiko ozungulira nyanja ya Black Sea, kuyambira ku Bulgaria, kudzera kumpoto kwa Turkey, mpaka ku mapiri a Caucasus ndi kumpoto kwa Iran. Kumeneko chimamera m'nkhalango za chinyontho, pansi pa mitengo italiitali. Ndi cha mtundu umodzi ndi mapichesi amene timawadziwa bwino, ndipo mbale wake wa kuno kwathu ndi Prunus africana, mtengo wa m'nkhalango za m'mapiri umene khungwa lake limafunidwa kwambiri popanga mankhwala.

Chikasiyidwa osadulidwa chimatalika mamita 5 mpaka 15, ndipo nthambi zake zimatambalala m'mbali kufikira kukhudza pansi. Masamba ake sayoyoka chaka chonse. Ndi okhuthala ngati chikopa, obiriwira moderako, onyezimira pamwamba ngati opakidwa mafuta, ndipo ambiri amatalika masentimita 10 mpaka 25. M'mphepete mwa tsamba muli timano ting'onoting'ono. Mukalitembenuza, pafupi ndi phesi, m'mbali mwa mtsempha wapakati, mumapeza timadontho tingapo totulutsa madzi otsekemera amene nyerere ndi njuchi zimawatsata. Mukalifikisa m'manja limatulutsa fungo longa la njere ya pichesi yoswa kumene.

Maluwa ake amatuluka cha mu Epulo kumaiko ozizirawo. Amakhala pa ngala zoimirira zotalika masentimita 7 mpaka 15, ngala iliyonse ya timaluwa 30 kapena 40 toyera, ta fungo lamphamvu. Zipatso zake ndi zazing'ono, za sentimita imodzi kapena ziwiri. Zimayamba zobiriwira, kenaka zimafiira, ndipo zikapsa zimada bii. M'kati mwa chipatso chilichonse muli njere imodzi yolimba.

Tsono onani mmene mwini nazale amawerengera zonsezi. Masamba osayoyoka ndiwo mpanda wosaonetsa za m'kati chaka chonse. Kupirira mthunzi ndiko kuti chingabzalidwe ngakhale kuseri kwa nyumba kumene dzuwa silifika. Kuphukanso chikadulidwa ndiko kuti chingasadzulidwe mmene mwini afunira osafa. Kumera mizu msanga ndiko kuti mbande zake n'zosavuta kuchulukitsa. Zipatso zokopa mbalame zimakometsa pakhomo. Palibe wogula amene angakane mpanda wotere.

Woyang'anira nkhalango akawerenga mndandanda womwewo amagwira mutu. Masamba osayoyoka amatchinga dzuwa chaka chonse, kotero kuti pansi pake sipamera udzu, maluwa kapena mbande za mitengo ya m'nkhalangomo. M'nkhalango zambiri za ku Ulaya mitengo imayoyola masamba nyengo yachisanu, ndipo zomera zapansi zimadalira kuwala kwa miyezi imene mitengoyo isadaphukenso. Laurel amazilanda mwayi umenewo. Kupirira mthunzi kumachithandiza kulowa m'kati mwa nkhalango yowirira momwe zomera zina zachilendo zimalephera. Nthambi zake zikakhudza nthaka zimamera mizu, motero chitsamba chimodzi chimayenda pang'onopang'ono mpaka kusanduka chiyangoyango. Mbalame zimameza zipatso ndi kukataya njere kutali, pansi pa mitengo imene zimaterapo. Chikadulidwa, chitsa chimatulutsa mphukira zambiri kuposa kale, ndipo mankhwala opopera amatsetsereka pa masamba ake oterera. Ochichotsa amayenera kuzula chitsa kapena kuchipaka mankhwala atangodula, ndi kubwerako zaka zingapo kudzazula mbande. Akuluakulu adanena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ulendo wake

Chitsambachi chidafika kwa katswiri wa zomera Carolus Clusius ku Vienna m'chaka cha 1576, kuchokera ku Constantinople. Pofika zaka zoyambirira za m'ma 1600 chidali chitabzalidwa kale m'minda ya maluwa ya ku Britain. M'zaka za m'ma 1800 eni malo akuluakulu a ku Britain ndi Ireland adachibzala dala m'nkhalango zawo kuti mbalame zimene ankasaka zizibisalamo. Lero ku Ireland chili m'gulu la zomera zachilendo zoononga kwambiri, ndipo chidakhazikikanso patchire kumadzulo kwa Canada ndi United States, ku New Zealand ndi kumadera ozizira a Australia. Ku Switzerland ndi Germany akatswiri aona kuti kuchepa kwa chisanu kwa zaka zino kukuthandiza mbande zake kupulumuka m'nkhalango momwe kale zinkafa ndi kuzizira.

Chofunika kuchisunga pamtima m'mbiri imeneyi ndi kutalika kwa nthawi. Kuchokera mu 1576 kufika mu 2024 padapita zaka 448. Kwa nthawi yaitali chitsambachi chidakhala chete m'mipanda, ndipo amene akadachenjeza za icho akadasekedwa. M'chaka cha 1995 katswiri Ingo Kowarik adafalitsa kafukufuku wa mitengo ndi zitsamba zachilendo za m'chigawo cha Brandenburg ku Germany. Adapeza kuti, potengera pakatikati, pankapita zaka 147 kuchokera pamene chomera chidabzalidwa koyamba kufikira pamene chidayamba kudzimerera chokha patchire. Ntchito zathu zambiri zachitukuko zimatha zaka zitatu kapena zisanu. Lipoti lomaliza likamanena kuti mtengo watsopano sudaonetse vuto lililonse, limanena zoona za zaka zisanuzo basi. Mlangizi amene adagawa mbande amakhala atapuma ntchito pamene adzukulu a mlimi akulimbana ndi zotsatira zake.

Ululu wake ndi dzina losokeretsa

Fungo lija la njere ya pichesi ndi chenjezo. Masamba ndi njere za chitsambachi zili ndi zinthu zimene, zikaphwanyidwa kapena kutafunidwa, zimatulutsa poizoni wa cyanide. Poizoniyu si wachilendo kwa ife. Ndi yemweyo amene amayi amamchotsa poviika chinangwa chowawa m'madzi masiku angapo, ndi yemweyonso amene amapha ng'ombe zikadya mphukira zanthete za mapira. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zili pangozi yaikulu chifukwa tizilombo ta m'chifu mwake timamasula poizoniyo mwamsanga. Chiweto chimapuma movutikira, chimadzandira, chimagwa, ndipo chingathe kufa pa nthawi yochepa. Kawirikawiri ngoziyi imachitika pamene wina wasadzula mpanda ndi kutaya masamba ake kumene ziweto zimadya.

Anthu nawonso adafapo. M'chaka cha 1731 dokotala Thomas Madden adalemba za amayi awiri a ku Dublin amene adamwalira atamwa madzi otchezedwa kuchokera ku masamba amenewa, madzi amene masiku amenewo ankathiridwa m'zakudya ndi m'zakumwa kuti zinunkhire. Mu 1781 John Donellan adanyongedwa ku Warwick atapezeka wolakwa pa mlandu wopha mlamu wake, Sir Theodosius Boughton, ndi madzi omwewo. Komabe kwawo kwa chitsambachi, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Turkey, anthu amachilima ngati mtengo wa zipatso. Amachitcha karayemiş, ndipo amadya mnofu wa zipatso zakupsa, kupanga jamu ndi kufutsa zina. Iwo akudziwa chodya ndi chotaya, monga mmene ife tidziwira za chinangwa. Chomera chikamapita kudziko lina, nzeru zimenezi zimatsalira kwawo.

Vuto lina ndi dzina. Mawu akuti laurel amatchulidwa pa zomera zambiri zosiyana. Pali Laurus nobilis wa ku maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, amene masamba ake ouma amagulitsidwa m'masitolo kuti azikometsa ndiwo. Ameneyo ndi wa banja limodzi ndi mapeyala, ndipo sali pachibale ndi Prunus laurocerasus ngakhale masamba awo amafananako. Wophika amene angasokoneze ziwirizi angathe kudwalitsa banja lake. Ndiye chifukwa chake ndikunena kuti mlangizi asamakhutire ndi dzina lolembedwa pa chubu cha mbande kapena lotchulidwa ndi wogulitsa. Dzina la sayansi lingaoneke lolemera pakamwa, koma ndi lokhalo limene mlangizi wa ku Tete, wolemba malipoti m'Chipwitikizi, ndi mnzake wa ku Lundazi, wolemba m'Chingerezi, angamvane nalo popanda chikaiko.

Za kuno kwathu

Chigawo chathu chili ndi laurel wakewake amene adathawa m'munda. Litsea glutinosa, amene ku South Africa amamutcha Indian laurel, adachokera ku maiko otentha a ku Asia ndipo ndi wa banja la mapeyala. Adakhazikika m'nkhalango ndi m'mbali mwa misewu kuzungulira mzinda wa Durban, komanso pa zilumba za Mauritius, Réunion ndi Mayotte. Makhalidwe ake ndi omwe aja: masamba obiriwira chaka chonse, tizipatso takuda tokondedwa ndi mbalame, ndi mphukira zotuluka pachitsa ndi m'mizu akadulidwa. Malamulo a ku South Africa amamuwerengera pa zomera zoyenera kuchotsedwa. Koma ku Mayotte alimi amadula masamba ake kudyetsa ng'ombe. Apa tikuona kuvuta kwa nkhaniyi: chomera chikayamba kupindulitsa anthu ena, kuchichotsa kumasanduka mkangano, ndipo mlangizi ndiye amakhala pakati. Mbale wake wina, Cinnamomum camphora, ali ndi mbiri yofanana. Mitengo yake imene idabzalidwa cha m'ma 1700 pa famu ya Vergelegen ku Cape imasungidwa ngati chuma cha dziko, pomwe ku KwaZulu-Natal mtundu womwewo ukulanda magombe a mitsinje.

Zitsanzo zina tonse tidaziona ndi maso. Lantana camara adabwera ngati duwa ndi mpanda, ndipo lero adatseka malo odyetsera ziweto m'maiko athu onse, napha ng'ombe zimene zimadya masamba ake. Mbalame ndizo zimamufalitsa. Paini wa Pinus patula, wochokera ku Mexico, adabzalidwa pa phiri la Mulanje chifukwa cha matabwa, koma adafalikira m'malo a udzu ndi a mkungudza, ndipo padafunika ntchito yaikulu kuti achotsedwe. Ku mapiri a Nyanga ku Zimbabwe, paini yemweyo pamodzi ndi Acacia mearnsii wa ku Australia adalowerera m'malo osungira zachilengedwe. Namasupuni adabwera ku Africa chifukwa cha maluwa ake okongola, ndipo asodzi a mu mtsinje wa Shire akudziwa mapeto ake. Dziko la South Africa lidakhazikitsa ntchito ya Working for Water m'chaka cha 1995 pofuna kuchotsa mitengo yachilendo imene imamwa madzi a m'mitsinje, ndipo anthu zikwizikwi akhala akulembedwa ntchito yodula zimene makolo awo adalimbikitsidwa kubzala.

Mawu a otsutsa

Ena mwa anzathu anena kuti maganizo otere angatibweze m'mbuyo. Adzakumbutsa kuti chimanga, chinangwa, mbatata, mtedza, fodya ndi mango zonsezi ndi zachilendo, ndipo popanda izo sitikadakhala ndi chakudya kapena ndalama. Adzanenanso kuti mayi amene akuyenda mtunda wautali kufuna nkhuni sangadikire zaka 147 kuti akatswiri atsimikize. Akunena zoona, ndipo sindikufuna kupeputsa mawu awo. Akatswiri Mark Williamson ndi Alastair Fitter adaonetsa mu 1996 kuti, mongoyerekeza, pa zomera khumi zobwera m'dziko chimodzi chokha ndicho chimaoneka patchire, pa khumi zoterozo chimodzi chimakhazikika, ndipo pa khumi zokhazikika chimodzi chimasanduka vuto. Alendo ambiri ndi aulemu, ndipo ena amabweradi ndi kalumo kakuthwa.

Koma mfundo yomweyo ikutiuza kuti ntchito yathu ndi kuzindikira ochepa oopsawo asadalowe, ndipo makhalidwe a chomera ndiwo amatithandiza. Chimanga sichingadzimerere chokha patchire, popeza njere zake zimamatirira pachitsononkho ndipo zimadikira dzanja la munthu. Udzu wa vetiva umene timabzala pa akalozera ndi wachilendo, wochokera ku India, koma mtundu umene timagawawo subereka njere zomera ndipo suyanga, kotero umakhala pamzere pomwe taubzala. Kusiyana kwa vetiva ndi Lantana kukadaoneka tsiku loyamba kwa munthu wofunsa funso limodzi lokha: kodi chomerachi chimafalikira bwanji munthu atachoka? Dziko la Australia lidayamba mu 1997 kugwiritsa ntchito mafunso 49 poyesa chomera chilichonse chatsopano chisadaloledwe kulowa, ndipo limodzi mwa mafunso olemera kwambiri ndi lakuti kodi chidavutapo kwina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zoyenera kuchita

Mlangizi wa kumudzi sangayankhe mafunso 49, koma angafunse asanu asadalandire mbande zatsopano kuchokera ku bungwe lililonse, ngakhale lobwera ndi galimoto zonyezimira. Choyamba, dzina lake la sayansi ndi chiyani, ndipo chidachokera kuti? Chachiwiri, kodi chidathawapo m'munda kudziko lina la nyengo yofanana ndi yathu? Chachitatu, njere zake zimayenda bwanji: ndi mbalame, mphepo, madzi kapena m'ndowe za ziweto? Chachinayi, chikadulidwa kapena kupsa ndi moto chimafa kapena chimaphukanso, ndipo mbande zake zimapirira mthunzi? Chachisanu, kodi ziweto ndi ana angadye popanda ngozi? Ngati wobweretsayo alephera kuyankha, mbandezo zidikire. Safunsa adadya phula.

Kuwonjezera apo, tizolowere kusonkhanitsa zitsanzo. Mukapeza chitsamba chachilendo chikudzimerera chokha, thyolani nthambi yokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso, muipanikize pakati pa nyuzipepala, mulembe malo, tsiku ndi kuchuluka kwake, ndipo muitumize kumalo osungira zitsanzo za zomera monga a ku Zomba, Harare, Maputo kapena Pretoria. Chithunzi cha pa foni chimathandiza, makamaka chikaonetsa kunsi kwa tsamba, koma sichilowa m'malo mwa chitsanzo chenicheni. Tilangizenso osamalira mipanda ya pasukulu, pamishoni ndi pamaesiteti kuti asamataye zosadzula m'mbali mwa mtsinje kapena m'nkhalango, pakuti nthambi zotayidwa zimamera mizu ndipo ziweto zimadya masamba ake. Pamene mtengo wakwathu ungagwire ntchito yomweyo, monga msangu m'munda kapena jerejere pobwezera chonde, tiyambe taganizira umenewo.

Chachikulu kwa ife owerenga kalata ino ndi kuuzana. Maiko athu adavomereza pangano la ku Rio de Janeiro la 1992 loteteza zamoyo zosiyanasiyana, limene limalamula maboma kuletsa ndi kuthana ndi zamoyo zachilendo zoononga. Koma mbalame imene yadya chipatso ku Mchinji sionetsa chiphaso pachipata cha Mwami, ndipo mtsinje wa Zambezi umanyamula njere kudutsa malire onse. Chimene mlangizi wa mbali ino waona lero chidzafika kwa mnzake wa tsidya linalo zaka zingapo zikudzazi. Kalata yaifupi yonena kuti chomera chakutichakuti chayamba kumera kunja kwa mpanda ingapulumutse chigawo chonse, chifukwa mbande khumi zimazulidwa ndi munthu mmodzi m'mawa umodzi, pomwe chiyangoyango cha mahekitala 100 chimafuna ndalama zimene maunduna athu alibe.

Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu umanena za anthu. Chomera chikabwera chimakhala, ndipo ana ake sadziwa kwawo kwina. Choncho, anzanga alangizi, tisadayambe kuthira dothi m'machubu a nazale ya chaka chino, aliyense wa ife apite pa mpanda wakale kwambiri wa m'dera lake, atuluke kunja kwake, ayende mamita 200 kulowera kudambo kapena kunkhalango, ndipo ayang'ane pansi pa mitengo imene mbalame zimaterapo. Zimene apeze zikumera pamenepo azilembe ndi kutumiza kwa anzake.